Masaya a mwana wanga pa kanema

Mwana wanga woyamba, wamkazi, anapita ku Lusaka kukaphunzira kutayipa, ndipo ankakhala kwa mlamu wanga, mlongo wawo wa amuna anga. Chaka chinatha, china chinayamba, ine osamuona. Ku Lusaka n'kutali abale, si ulendo wongodzuka m'mawa n'kumanga chitenje. Uthenga wokha ndi umene unkabwera: ali bwino, ali bwino. Ine mawu amenewo sindinkawakhulupirira ngakhale pang'ono. Mwana ameneyu ndinabala ndine, ndimamudziwa. Ngakhale munga umulase, amangoseka n'kumayenda motsimphina osauza munthu. Tsono mlamu wangayo ndinkamudziwanso. Ndinakhalako kwake nditangokwatiwa kumene, munthu wodula buledi wopyapyala woti ukamukweza padzuwa uona msewu mbali inayo. Chaka chimene mwana wanga anali kumeneko ufa unali utavuta m'matauni, nkhani zinkamveka zoti mabanja ena akudya kamodzi patsiku. Ndikangotseka maso ndinkamuona mwana wanga atatsala mafupa okhaokha, akukolopa nyumba ya eni. Sindinkafuna zambiri ayi. Ndinkangofuna kuona masaya ake ndi maso angawa, ndidziwe ngati akudya.

Tinkakhala ku Chiparamba, m'nyumba ya sukulu, poti amuna anga anali aphunzitsi. Magetsi kunalibe, koma tinali ndi kanema, katiivi kakang'ono kosaonetsa mitundu, zakuda ndi zoyera basi, koyendera batire la galimoto. Pamzere wonse wa nyumba za aphunzitsi kanema anali yekhayo. Ngakhale ahedi analibe, ndipo amuna anga ankayenda mapewa ali m'mwamba chifukwa cha zimenezi, ngakhale ankakana. Batire likatha ankalimanga pakeriyala ya njinga ndi malegeni n'kupalasa mpaka ku Chipata, kwa bambo wina wa sitolo, Msilamu wa makolo a ku Mangochi, amene ankatchaja mabatire kuseri kwa sitolo yake.

Lachinayi lina amuna anga anabwerako kutauni thukuta lili kamukamu, koma akumwetulira ngati atola chikwama.

"Amayi, khalani pansi," anatero asanatsitse n'komwe batire. "Bambo wa sitolo uja anali ku Lusaka kukaoda katundu, wakumana ndi mwana wanu. Akuti kwaya ya achinyamata ya kutchalitchi kwawo inajambulidwa. Aionetsa pa kanema Loweruka lino."

Ndinagwira pamtima. "Nthawi yanji?"

"Sananene."

"Nanga akuoneka bwanji? Waonda? Khosi lili bwanji?"

"Ndinafunsa. Akuti anavala bwino, nsapato zake zakuda."

Amuna inu! Munthu kumufunsa za thupi la mwana, akukuuza za nsapato. Ndinangoti basi, ndidzionera ndekha. Ndinalamula kuti batire limenelo wina asalikhudze mpaka Loweruka, ndipo ndinalilowetsa pansi pa bedi. Ndinawachondereranso amuna anga kuti nkhaniyi isatuluke pakhomo. Anavomera bwinobwino. Pofika Lachisanu masana, amayi a kuchitsime anali akundifunsa kale ngati abwere ndi mipando yawo. Chinsinsi m'kamwa mwa amuna anga chinkasungunuka ngati mchere m'madzi.

Nzeru yanga inali yapafupi. Loweruka kanema ankatsegula m'mawa dzuwa litakwera, osati madzulo ngati masiku ena. Ankayamba ndi nyimbo ya fuko, mbendera ikukupiza, kenako mayi wina wovala bwino ankawerenga zonse za tsikulo, ichi nthawi yakuti, ichi nthawi yakuti. Nyuzipepala yolemba zimenezi kwathu inkafika itakalamba, itakulunga kale kapenta, ndiye mayi ameneyu ndi amene tinkadalira. Ndinati ndimva nthawi ya kwaya, ndizimitsa, ndidzayatsa nthawi ikakwana. Ngakhale batire lodzaza silikanakwanira tsiku lonse, aliyense ankadziwa zimenezo.

Loweruka kunacha ndi mphepo, ija ya mu Ogasiti yonyamula fumbi ndi zikonyo. Ndisanamalize n'komwe kusesa, m'nyumba munali mutadzaza. Ana a aphunzitsi pansi, amayi awo pamphasa, abambo a m'mudzi wapafupi atatsamira khoma, ena atapachika zibwano pazenera. Walira mvula walira matope, ndinadziuza ndekha, amene anagula kanema ndife. Amuna anga analumikiza mawaya, anayatsa. Pagalasi panangoti mbuu, timadontho tokhatokha tikuvina, tija tinkati mpunga. Mphepo inali itapotoza eriyo.

Eriyo yathu inali pamwamba pa mlongoti wa bulugamu kuseri kwa nyumba, ndipo inkayenera kuloza kumapiri a ku Chipata. Ikapotoka, ntchito yake inali yodziwika: mmodzi panja kupotokola mlongoti, wina pazenera kupereka mawu, a m'nyumba kuyang'ana galasi. Tikakhala tokha zinkayenda bwino. Koma tsiku limeneli aliyense m'nyumbamo anasanduka kapitawo.

"Kumanzere, aphunzitsi!"

"Ayi, kumanja!"

"Mwapitirira! Bwererani pang'ono!"

"Apo! Apo! Aaa, yachoka!"

Ngakhale gogo wina amene maso ake sankasiyanitsa mbuzi ndi galu ankakuwa nawo kuti kumanzere. Nyimbo ya fuko inadutsa mkati mwa mpunga womwewo. Kenako mwadzidzidzi chithunzi chinangoti ngwee, mayi uja ali pompo, pepala m'manja, pakamwa pakuyenda. M'nyumba munaphulika chimwemwe. Ena m'manja, ena mluzu, amayi nthungululu, onse kukuwira amuna anga kuti gwirani pomwepo, musapume, musasunthe. Ine kukuwa kuti "Chete! Chete inu!" koma mawu anga ankangowonjezera phokoso. Pamene anthu ankati zii, mayi uja anali akupinda pepala lake, akumwetulira, akutifunira tsiku labwino.

Ndinayang'ana uku ndi uku. "Alipo wamva nthawi ya kwaya?"

Mayi wina anati anamva ngati ikubwera zikangotha za ana. Bambo wina analumbira kuti anamva kuti ikatha nkhani ya madzulo. Gogo uja anati mayiyo sanatchule kwaya, anatchula koya. Amuna anga analowa akupukuta manja, akunyadira ntchito yawo, n'kufunsa kuti, "Ndiye akuti nthawi yanji?" Madzi akatayika saoleka. Tsopano kuzimitsa kunali kuopsa, poti mwana akanadutsa galasi lili lakuda. Kusiya choyaka kunalinso kuopsa, poti batire likanatha iye asanafike. Ndinasankha kusiya choyaka, ndinakhala pampando wanga pafupi ndi kanemayo, manja pachifuwa.

Zinayamba za ana. Poyamba zidole zojambula zija zothamangitsana, kugwa m'maenje, kuphwanyidwa ndi miyala n'kudzukanso zili bwinobwino. Ana anaseka mpaka kugubuduka, ndipo akuluakulu amene ankati angoperekeza ana ndi amene ankaseka kwambiri. Gogo uja anada nkhawa, ankafunsa ngati kanyamako kali ndi amake. Kenako panabwera mayi wina ndi gulu la ana a ku Lusaka, akuwaphunzitsa kanyimbo kosamba m'manja. Ana athu pansi apa anayamba kutsanzira, kupukusa manja akuda bii ndi fumbi. Ine nyimbo sindinkaimva. Ndinkayang'ana masaya a ana a pagalasiwo mmodzimmodzi, kuti ndione ngati ku Lusaka anthu akudya. Onse anali onenepa, masokosi oyera mpaka m'mawondo. Mtima unatsika pang'ono, koma ndinakumbuka kuti pa kanema satengera ana a aliyense. Amenewa anali ana a mabwana, sakananditsimikizira kanthu.

Za ana zitatha ndinasendeza mpando kutsogolo. Kwaya? Ayi ndithu. Panabwera bambo wa tayi, choko m'manja, bolodi kumbuyo, kudzaphunzitsa masamu. Ha! Ana anatuluka mmodzimmodzi ngati aitanidwa, wina akuti akukamwa madzi, wina akuti mbuzi zalowa m'dimba. Anatsala aphunzitsi, ndipo anamukhalira mnzawoyo ngati oyendera sukulu. Uyu akuti akuthamanga kwambiri, ana sangagwire. Uyu akuti akulemba atafulatira kalasi. Amuna anga mpaka anaimirira n'kumuuza bamboyo kuti njira yachidule ilipo, iye osawamva, kumangopitiriza zake. Ndinaseka nawo, sindikana. Koma chinkandiwawa n'chakuti kanema amadya batire chimodzimodzi, kaya akuonera ndi anthu odzaza nyumba kaya ndi aphunzitsi ochepa okangana ndi galasi. Ndinawauza amuna anga kuti achepetse kuwala ndi mawu omwe. Anati mawu sadya kwambiri. Ndinati ngakhale adye pang'ono, akudya za mwana wanga.

Masamu atatha panabwera za alimi, mlangizi akuonetsa kasungidwe ka chimanga kuti anankafumbwe asalowe. Apa abambo a m'mudzi aja anadzuka. Anayang'ana nkhokwe ya pagalasiyo n'kupukusa mitu, wina n'kunena kuti imeneyo mvula yoyamba ikungoigwetsa, amene anaimanga sanagwirepo nsungwi chibadwire. Anakangana za mankhwala ndi phulusa mpaka pulogalamu inatha osamva zimene mlangizi ananena. Nthawi imeneyo dzuwa linali litapendeka, ndipo ndinaona chimene ndinkachiopa. Batire likayamba kufooka, kanema wathu sankazima kamodzi ayi. Chithunzi chinkayamba kufupika, mdima n'kumalowa pang'onopang'ono kuchokera pamwamba ndi pansi. Kamzere kakuda kanali kataoneka kale, kopyapyala ngati chala cha mwana.

Ndiye kunatulukira ahedi, mwana wa sukulu atawanyamulira mpando wawo wa ndalema. Pambuyo pawo mkulu wa mpingo wathu, ndi abambo ena amene tsiku lonse sanaoneke. Amenewa anali atanunkhiza mpira. Ndipo zoona, muulutsi anabwera n'kunena kuti tsopano ndi nthawi ya mpira, timu ya kumigodi ndi timu ya ku Lusaka. Mtima wanga unati phee. Mpira ndimaudziwa kutalika kwake, ndipo pakati pa mpira saimbapo kwaya. Apa ndiye pozimitsa, batire lipume. Ndinatambasula dzanja. Amuna anga anatsokomola, kutsokomola kuja kopanda chifuwa. Ndinawakodola, tinakumana kukhitchini.

"Bambo, tizimitse. Mpira si mwana wanga."

"Amayi, ahedi angokhala pansi kumene."

"Adzukenso kumene."

"Iii, tsitsani mawu. Inu mungavundikire mbale mlendo akudya? Mungamulande nthongo ili m'manja? Mawa anthu adzati kwa aphunzitsi aja amathamangitsa anthu. Ndiponso amene amandilola kupita kutauni ndi batire pakati pa sabata ndani?"

Zinali zoona. Kwathu mlendo salandidwa chimene wapatsidwa. Kanema anali chinthu chatsopano, koma mwambo unamulowa tsiku lomwe anafika: ukayatsira anthu, amazimitsa ndi anthuwo podzuka okha. Koma chimene chinanditentha mutu ndinachimva nditabwerera m'nyumba. Mpirawo unali wa sabata yatha! Unaseweredwa kale, abambo onsewa anaumvera kale pa wailesi, zigoli ankazidziwa, ngakhale amene anagoletsa. Batire la mwana wanga linkathera mpira wodziwika mathero ake.

Ndinayesa nzeru ina. Ndinatulutsa thobwa ndi mbatata zootcha, ndinayala mphasa pansi pa mtengo wa mango, n'kulengeza mwaulemu kuti alendo atuluke akapume mphepo. Anatuluka ndithu, mothokoza kwambiri. Aliyense anatenga kapu yake ndi mbatata yake n'kubwerera pamalo pake m'nyumba. Thobwa langa linangowapatsa mphamvu zokuwira.

Kunena zoona mpirawo unali wosekesa. Pa kanema wopanda mitundu matimu onse awiri anavala zotuwa, ndiye mkulu wa mpingo anakhala akuchemerera timu yolakwika mpaka anamuuza. Ahedi ankaulutsa zinthu zisanachitike.

"Penyani apa, penyani apa! Uyu aphonya. Mwaona? Ndinanena ine!"

Wina akagwa, nyumba yonse inkati "Aaa!" ngati sankadziwa kuti agwa. Chigoli chitalowa anadumpha mpaka thobwa kutayikira pamphasa yanga, chigoli chimene anachikondwerera kale sabata yatha. Amayi anzanga ankandiyang'ana mondimvera chisoni, koma nawonso ankaseka.

Osewera atapita kokapuma ndinati tsopano palibe angandiletse, pamenepa palibe mbale imene ndikuvundikira. Dzanja langa lili pa batani, pagalasi panatulukira kwaya. Mayo ine! Ndinagwada pomwepo kufunafuna nkhope. Koma anali amayi akuluakulu a mipango kumutu, a chigawo china, akuimba chilankhulo chimene sindinkachimva. A kanema anangowaikapo kuti atseke mpata.

"Mwaona, amayi?" anatero ahedi mokoma mtima. "Mukanazimitsa, ikanakhala ya mwana wanu, bwenzi mutaphonya. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Ndinabweza dzanja. Tsopano ngakhale ine ndemwe sindikanayerekezanso kuzimitsa.

Chigawo chachiwiri mdima uja unalowa ndithu. Pamwamba ndi pansi panada, m'mbali namonso munayamba kudya. Osewera anafupika ngati ana a sukulu ya mkaka, mpira osaonekanso, anthu ankangotsatira kumene tianthuto tikuthamangira. Abambo anasendera kutsogolo, mitu kugundana. Palibe ananena za batire, koma aliyense ankaona. Ahedi atanenanso kuti dikirani, chachiwiri chikubwera pompano, mtima unandikwera.

"Ahedi," ndinatero, "poti inu mukudziwa amene agoletse, bwanji mungotiuza tonse, tiombe m'manja, tizimitse?"

Nyumba yonse inagwa ndi phwete. Ahedi anaseka mpaka kupukuta misozi, n'kunena kuti amayi awa pakamwa pawo pali tsabola. Amuna anga anayang'ana kudenga ngati akuwerenga malata. Koma mpira unapitirira mpaka wosewera womaliza atatuluka m'bwalo.

Dzuwa linali litatsamira kumapiri pamene inayamba pulogalamu ya nyimbo ndi magule. Chithunzi chinali chitatsala ngati chikhatho changa, chotuwa, chonjenjemera. Ana anali atabwerera, anthu anawonjezekera, mpweya m'nyumba munalibe. Linayamba gulu la magitala, atsikana akudula chiuno kutsogolo. Mkulu wa mpingo anayang'ana pansi, koma ndinamuona diso limodzi likukwera. Achinyamata kumbuyo anayamba kuvina pamalo pomwepo, mapewa okha, poti posuntha mwendo panalibe. Gululo litatha panabwera mnyamata woulutsa, kamutu kake ngati nyemba. Anati timvenso nyimbo kuchokera ku gulu lina la magitala, ndipo likatha limenelo tilandira kwaya ya achinyamata, n'kutchula tchalitchi ndi komboni yomwe mlamu wanga ankakhala.

Ndinakuwa. Amayi anzanga anandikumbatira. Ndipo tili m'kati mokondwera momwemo, chithunzi chinafinyika n'kukhala kamzere, kamzere n'kukhala kadontho koyera pakati pa galasi, kadontho n'kuzimirira.

Amuna anga anagwedeza mawaya, anapala mitu ya batire ndi mpeni, analimenya ndi chikhatho. Palibe. Ine sindinakuwe, sindinatukwane, ngakhale mawu ndinali nawo okwana aliyense. Ndinangokhala pansi misozi n'kumatsika yokha. Tsiku lonse ndinaonera zidole, masamu, anankafumbwe ndi mpira wa sabata yatha, ndipo mwana wanga anali pakhomo penipeni, ine osatha kumutsegulira. Zinandiwawa kwambiri.

Amene anayamba kudzuka ndi ahedi. Nkhope yawo inali itagwa ngati mwana wogwidwa akuba shuga.

"Aphunzitsi," anawafunsa amuna anga, "mabatire a wailesi, titawalumikiza ambiri, sangayatse?"

"Mwina kwa kanthawi kochepa. Akhale ambiri ndithu."

"Nonse mwamva!" anakuwa ahedi ndi mawu awo a pa asembule. "Aliyense ali ndi wailesi kapena tochi kunyumba, thamangani! Gulu la magitala lija silidikira munthu!"

Sindinaonepo nyumba ikukhuthuka msanga chotero. Ena anatulukira pazenera. Ahedi enieniwo, munthu wa mimba yake, amene sankathamanga ngakhale mvula igwe, ndinawaona akudumpha mizere ya mbatata kulowera kwawo. Mkulu wa mpingo anakwera njinga ya mwini osapempha. Amuna anga anasolola nsungwi pathandala la mbale, anaing'amba pakati kuti ikhale ngati ngalande. Nyumba za aphunzitsi zinali pafupipafupi, ndiye posakhalitsa anthu anayamba kubwerera ali wefuwefu, mabatire m'manja, m'matumba, m'zitenje. Ena atsopano, ena otupa, ena olumidwalumidwa ndi mano, poti tinkakhulupirira kuti batire ukaliluma limadzuka. Gogo uja anabweretsa lake limodzi lochita dzimbiri, analipereka ndi manja awiri ngati chopereka cha kutchalitchi.

Amuna anga anasankha abwinoko n'kuwandandalika m'nsungwi muja, mutu wa ili kumatako kwa linzake. Nthawi yoti awamange panalibe. Ahedi anagwada mbali imodzi n'kukanikiza waya ndi chala chachikulu, mkulu wa mpingo anagwada mbali inayo n'kukanikiza waya winawo, onse kukankhirana kuti mabatire agwirane. Abambo ena a mpira aja anagwira pakati kuti mzere usathyoke. Anayatsa. Palibe. Wina anaona kuti batire limodzi lagona chafutambuyo, analitembenuza. Anayatsanso. Kanema analira ngati udzudzu, kadontho kanabwera, kanatambasuka pang'onopang'ono mpaka kukula ngati sopo wosambira, n'kuima pomwepo.

Kwaya inali itayamba kale. Timawu tinkamveka kutali ngati tikuchokera m'botolo. Ndinagwada, mphuno pagalasi. Nthawi imeneyi palibe anakuwa, ngakhale khanda silinalire. Anyamata kumbuyo, atsikana kutsogolo, timitu ngati mapira. Wojambula anayamba kuyendetsa chithunzi pamzere wa atsikana. Uyu ayi. Uyu ayi. Uyu wamtali kwambiri. Uyu ayi. Mzere unatha.

"Palibepo," ndinatero. "Mwana wanga palibepo."

"Amama," anatero mwana wanga wotsiriza ali pamsana panga, "nanga uyo watifulatirayo?"

Kutsogolo kwa onse kunali mtsikana woimbitsa, akugwedeza manja, msana kwa ife. Ndinamuyang'anitsitsa. Kaimidwe kaja, phazi lamanzere litaloza panja ngati la bambo ake. Anali iyeyo! Mwana wanga sankangoimba nawo, ndi amene ankaimbitsa kwaya yonse. Koma abale, ine ndinadikira tsiku lonse kuti ndione msana?

"Tembenuka!" ndinakuwa. "Iwe, tembenuka, ndine amako!"

Nyumba yonse inalandira. "Tembenuka! Tembenuka!" Ana, amayi, abambo, a pazenera, onse kukuwira mtsikana amene anali ku Lusaka ndipo anajambulidwa kalekale. Iye osatekeseka, manja m'mwamba, manja pansi.

"Amayi, muuzeni achite changu," anabuula ahedi, "waya akuotcha chala!"

"Musasiye, ahedi! Mpira munaupirira, pirirani!"

Chithunzi chinayamba kufinyikanso, sopo uja akusungunuka. Nyimbo inafika pamene anyamata amalowa ndi mawu aakulu. Mwana wanga anapotoloka kuti awapatse chizindikiro, ndipo wojambula, Mulungu amudalitse kulikonse ali, anamuyandikira. Nkhope yake inadzaza kagalasi konse kotsalako, cham'mbali, akumwetulira pakamwa pali yasa. Tsaya lozungulira, lowala ngati chitumbuwa chongochoka m'mafuta. Pansi pa chibwano panali kachibwano kena kachiwiri. Khosi lodzaza, kolala ya bulauzi ikuchita kumuthina. Ndinaona zonsezo bwinobwino, kenako galasi linada.

"Wanenepa!" anakuwa mayi wina. "Mayo, wanenepa mwana!"

Nthungululu zinang'amba denga. Anthu anavina popanda nyimbo, mabatire kugubuduka pansi, aliyense kufunafuna ake n'kumakangana kuti latsopano linali la yani. Ahedi anakhala pansi akuyamwa chala, akuuza aliyense kuti mtsikanayo anadutsa m'manja mwawo, kuimbitsa anaphunzira pa sukulu pompano. Mkulu wa mpingo sankatha kuwongola msana, anachita kumudzutsa anthu awiri. Ine ndinalandira manja a anthu ngati mwini ukwati, ndikuseka, ndikuthokoza, ngakhale aja ndinkafuna kuwathira madzi masana.

Anthu atabalalika kunja kukali mbuu, ndinakhala pakhonde. Ndinali wokondwa, wokondwa kwambiri, mwala umene ndinausenza chaka chonse unali utatsika. Koma pansi pa chimwemwecho panali kanthu kena kakundilasa. Chaka chonse ndinkanola mawu oti ndidzamuuze mlamu wanga tsiku lokatenga mwana wanga, ndipo tsopano mawuwo analibe ntchito. Mayi wa buledi wopyapyala uja anali atandilerera mwana mpaka chibwano chachiwiri.

Amuna anga anabwera n'kukhala pambali panga. "Mwamuona?"

"Ndamuona."

"Akudya?"

"Akudya."

"Nanga misoziyi ndi ya chiyaninso?"

Ndinapukuta ndi chitenje. "Pakhomo panga pano sananenepepo chonchija."

Anaseka chapansipansi. "Ndiye bambo wa sitolo akamapitanso ku Lusaka, akamuuze chiyani mlongo wanga?"

"Akamuuze kuti zikomo, ndagwada," ndinatero. "Koma akamuuzenso kuti asamuzolowere. Mwanayo ndi wanga."